Nkhonya Yotalika Ngati Chitsononkho

Chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu ndi chaka chomwenso ine ndinakwatiwa, ndipo pa zinthu ziwirizi chimene chinasintha kwambiri pakhomo pathu ndi ukwati wangawo. Amuna anga anabwera kudzakhala kwathu kwa Malemia, paja kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Anafika ndi sutikesi yamalata, bokosi la masipanala, ndi wailesi yokulunga m'thaulo ngati khanda. Ntchito yawo inali yokonza njinga, ndipo posakhalitsa anapeza malo pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wopita ku Liwonde, pafupi ndi khonde limene ankasokerapo telala wina wachisilamu. Ine ndinkakhala chapomwepo ndi lichero la nthochi ndi zitumbuwa, kudikira anthu amene matayala awaphwera.

Bambo anga nawonso anali mkamwini, kungoti wakalekale. Makolo awo anachokera kwa Apwitikizi, kuseri kwa nyanja ya Chilwa, ndipo m'mudzi mwathu analibe m'bale ndi mmodzi yemwe. Munda unali wa amayi, dimba la mpunga la amayi, ngakhale ife ana tinali a amayi ndi alongo awo. Zawozawo za bambo zinali chipewa chakuda chotha m'mphepete, chifuwa chimene anabwera nacho kuchokera kumigodi, ndi nkhani imodzi.

Nkhaniyo inali yakuti ali mnyamata ku Joni ankamenya nkhonya. Osati ndewu ya pamowa ayi, koma nkhonya zenizeni, zovala magolovesi, m'bwalo lotchinga ndi zingwe, Lamlungu masana mu komponi, anthu atadzaza mpaka pamadenga. Ankati anali m'gulu la olemera, ndipo pamgodi wonsewo panalibe amene anawakhazikapo pansi. Vuto linali lakuti m'chigwa chonse cha Domasi munalibe munthu amene anaziona. Anzawo amene anapita nawo, ena anamwalira, ena anatchona. Mphuno yawo inali yopindikadi, koma amayi ankauza aliyense wofunsa kuti anagwa pa lole atakhuta kachasu. Anthu ankamvetsera mwaulemu, bambo akatembenuka n'kumakodolana. Ngakhale ine mwana wawo ndinkaiika nkhaniyi pamodzi ndi nkhani zina za ku Joni, zimene umamva n'kuchotserako theka.

Miyezi yoyamba bambo ndi amuna anga sankalankhulana kupatula moni. Munthu ndi mpongozi wake amapatsana ulemu, zimenezo n'zodziwika, koma awiriwa anauthira mchere wambiri mwambowo. Sankadyera pamodzi, sankakhala pamphasa imodzi, ndipo akakumana panjira aliyense ankapatukira m'udzu kumbali yake, njira n'kutsala yopanda munthu. Chimene chinawatsegula pakamwa ndi wailesi ija.

Tsiku lina masana wailesi inkanena za mnyamata wina wa kutsidya kwa nyanja amene pa nthawiyo ndiye anali mfumu ya nkhonya padziko lonse. Dzina lake lenileni linkatipinda lilime, choncho pamsewu paja tinkangomutcha Pakamwa, chifukwa ankati asanamenye munthu ankayamba wamunyoza ndi kudzitama. Amuna anga anaika pansi chubu chimene ankamata, n'kunena kuti munthu ngati ameneyo sanabadwepo chiyambire. Sanaone kuti bambo akhala pabenchi ya atelala, kudikira kuti awasokere chigamba pa jekete.

Bambo sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa atelala.

"Atelala, tawauzani apongozi angawa kuti asamalankhule zinthu zimene sakuzidziwa. Kunali munthu. Ameneyo akanakumana ndi kamnyamata kawoka, bwenzi pakamwapo atapatseka belu loyamba lisanalire."

Atelala anaimitsa makina n'kubwereza mawu onsewo osasiyako ndi amodzi omwe, ngakhale kuti amuna anga anali pafupi moti akanatha kuwagwira phewa. Amuna anga anapukuta girisi m'manja, naomba m'manja mwaulemu.

"Atelala, muwauze bambo kuti ndamva, ndipo ndathokoza. Koma muwauzenso kuti munthu wawoyo sakanamugwira. Mnyamatayu amavina. Nanga ungamenye bwanji munthu amene sukumupeza?"

Umu ndi mmene unayambira mkangano umene ana anga anabadwa n'kuupeza, n'kuyamba sukulu usanathe. Nthawi yonseyo mawu ankadzera kwa atelala. Tsiku limene atelala apita kumzikiti kapena kumaliro, bambo ankafika, n'kuona makina atavundikiridwa, n'kubwerera kunyumba ndi mfundo zawo m'mimba.

Munthu wa bambo tinkamutcha Wachete. Anamudziwira ku Joni, m'magazini ndi pa kanema amene ankawaonetsa pakhoma mu komponi. Ankati Wachete sankaseka, sankakwiya, sankalankhula. Ankangokutsata pang'onopang'ono, mapazi osanyamuka pansi, mpaka msana wako ugunde zingwe. Atelala nawo anali ndi wawo, mzungu wina wamfupi amene ankati sanagonjepo, koma akangomutchula, bambo ndi amuna anga ankagwirizana kwa kanthawi kuti awakhalitse chete, kenako n'kubwerera ku zawo.

Ine ndinkamvetsera zonse, chifukwa chibadwire sindidutsa chinthu osachifunsa. Koma panali mawu amodzi amene ankandisokoneza. Onse atatu ankati ankhonya olemera, ankhonya olemera. Kwa ine wolemera anali munthu ngati mwini sitolo wa ku Zomba, wagalimoto, wansapato zosinthira. Ndiye m'maganizo mwanga ndinkaona azibambo onenepa atavula majekete a suti, akuswana mphuno, antchito awo atawagwirira zipewa pambali. Ndipo bambo anga, amene jekete lawo linali zigamba zokhazokha, ankati anali m'gulu lomwelo! Apa mpamene ndinkati bodza laonekera poyera. Ndinazisunga mumtima dzinja lonse, mpaka tsiku lina zinandikanika.

"Koma ndifunse nawo," ndinatero. "Ngati anthuwo ndi olemera, akumenyaniranji? Akusowa chiyani?"

Atelala anaseka mpaka singano inawabaya chala. Amuna anga anagwa chagada pafumbi pampu ili m'manja. Ngakhale munthu wina amene ankadikira njinga yake anaseka nawo osadziwa chimene akusekera. Ine ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima sindibisa. Ndinawauza kuti Chinyanja ndi changa monga mmene chilili chawo, ndipo ngati mawu amodzi akuyenda njira ziwiri, si ine ndinawatuma.

Bambo okha sanaseke.

"Mwana wanga, ndi kulemera kwa pasikelo," anatero. "Amakukweza pasikelo ngati thumba la mpunga, n'kukupatsa mnzako wofanana naye. Olemera ndiwo akuluakulu a onse. Ine sikelo inkandilemekeza."

Ananena akuyang'ana manja awo, amene pa nthawiyo anali atayamba kale kuonda. Poti pakamwa ndinali nditatsegula kale, ndinafunsanso kuti nanga awiriwa akumana liti kuti mkanganowu uthe.

"Sangakumane," amuna anga anayankha akupukuta misozi ya kuseka. "Wa bamboyo ndi nkhalamba tsopano. Anasiya kalekale."

"Ndiye mukukanganirana chiyani?"

"Sititenga nkhalambayo," bambo anatero. "Timutenga ali pachimake. Uyu pachimake pake, uyo pachimake pake, n'kuwaika m'bwalo limodzi."

Mawu amenewa anandigwira kuposa nkhonyazo. Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu ungamutole m'chaka chake n'kumuimika m'chaka china, imvi zonse utamuchotsa, kuti ayang'anizane ndi munthu amene pa nthawiyo anali akukwawa. Ndinapita nazo kunyumba, ndipo tikusinja mpunga ndinawayesa amayi. Ndinati, amayi, inu muli mtsikana, ine ndili mtsikana, atipatse aliyense mtondo wake, ndani angayambe kumaliza? Amayi anati ndisiye misala ya amuna, mtsikana ameneyo kulibe. Tinapitiriza kusinja. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Bwenzi ine nditapeta n'kukasamba, iwe ukadali pamtondo." Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti matendawa si a amuna okha.

Mkanganowo unali ndi nthambi zosawerengeka, ndipo ine ndinkasangalala ndi nthambizo kuposa thunthu lake. Ankatha masana onse akukangana za kukula kwa bwalo. Bambo ankafuna bwalo laling'ono kuti Pakamwa asowe kothawira, amuna anga ankafuna lalikulu ngati la mpira. Ankakangana kuti akamenyanira dziko la ndani, ndipo woimbira akhala wa mtundu wanji. Ine ndinafunsapo kuti nanga akadya chiyani m'mawa wa tsikulo, ndipo m'malo moseka anaitenga nkhaniyo n'kuikambirana mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lina atelala anati athetsa nkhaniyi mwaukatswiri. Anali ndi magazini akale a ku Joni amene ankaonetsa makasitomala masitayelo a suti, ndipo m'menemo anapezamo zithunzi za onse awiri. Anachotsa tepi m'khosi n'kuyeza mkono wa Pakamwa, kenako wa Wachete, n'kulengeza kuti mkono wa mnyamatayo ndi wautali kuwirikiza. Anaiwala kuti chithunzi cha Pakamwa chinadzaza tsamba lonse, pamene cha Wachete chinali kakang'ono pakona, pafupi ndi malonda a sopo.

"Atelala," bambo anatero, "mawa ndikubweretserani chithunzi cha phiri la Zomba. Mukaliyeze, mulisokere thumba, muzilipachika kumsana."

"Ngwamba, ngwamba," atelala anakana m'Chiyao chawo, koma tepi anaibwezera m'khosi, ndipo sanaitulutsenso pa nkhani ya nkhonya.

Panali mfundo imodzi imene bambo ankaibwereza chaka ndi chaka, ndipo amuna anga ankaikana chaka ndi chaka. Bambo ankatola chitsononkho pansi, n'kuchiika pakati pa chibakera chawo ndi nsanamira ya khonde.

"Atelala, auzeni kuti nkhonya ya Wachete inkayenda ulendo wotalika chonchi basi. Kuchokera apa kufika apa. Sankakoka mkono kumbuyo ngati akugenda mango. Mphamvu inkachokera kuphazi, kudzera m'chiuno. Munthu ankangozindikira ali pansi, woimbira akumuwerengera. Ifenso ku komponi ndi mmene tinkamenyera."

"Atelala, auzeni bambo kuti ine ndimagwira nyundo tsiku ndi tsiku," amuna anga ankayankha. "Nyundo osaikweza sikhoma msomali. Nkhonya ya chitsononkho ndi yophera udzudzu."

Kwa zaka zambiri ndinkaona ngati ndi masewera, ngati bawo imene amuna ena ankasewera kuseri kwa sitolo. Ndinazindikira kuti si masewera tsiku limene amuna anga anapsetsa mkangano mopitirira. Kunali kotentha, njinga zinali zambiri, ndipo sipoko ina inali itawabaya m'chikhatho. Bambo atayamba za chitsononkho, amuna anga anati, "Atelala, auzeni kuti zakale zimakoma pofotokoza. Aliyense wakale anali ngwazi, chifukwa amene anaona kulibe."

Atelala sanabwereze. Anaweramira makina n'kuyamba kupalasa mwamphamvu, ngakhale pansi pa singano panalibe nsalu. Bambo anaika chitsononkho pabenchi mwaulemu, anavala chipewa n'kunyamuka. Mawa lake sanabwere, mkucha wake sanabwerenso.

Masiku amenewo ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe ndikukatenga nkhuni. Sanandione. Anali ataima chammbali, zibakera zili pafupi ndi chibwano, akutsetsereka ndi phazi lamanzere pafumbi pang'onopang'ono. Anaponya dzanja kamodzi, kachiwiri chifuwa chinawagwira, ndipo anatsamira nkhokwe mpaka chitawaleka. Ndinabwerera popanda nkhuni. Ndinamva chisoni, ndiponso manyazi kuti zaka zonsezi ndinali ndisanaone chinthu chapoyera chotere. Akamati Wachete, bambo sankanena za munthu wa kutsidya kwa nyanja. Ankafuna munthu mmodzi yekha m'chigwa chino akhulupirire kuti iwonso anakhalapo pachimake, ndipo munthu amene anamusankha anali mpongozi wawo.

Amuna anga ndinawakalipira ndithu.

"Inu bambo a ana, chingakuchotsereni chiyani? Ingonenani kuti Wachete akanapambana. Anthuwo sakukudziwani, sadzamva n'komwe. Munthu wamkulu akuonda ndi nkhani imeneyi."

"Mawu aja ndinalakwitsa, ndipo ndikapepesa," anatero. "Koma zogonjazo ayi."

"Mtima wanu ndi wamwala eti?"

"Mayi a ana, bambo si mwana. Tsiku limene ndidzavomere popanda chifukwa, adzadziwa kuti ndawaona kuti atha. Panopa akubwera pamsewu chifukwa pali munthu woti amugonjetse."

Sindinagwirizane nawo, ndipo mpaka lero sindidziwa bwinobwino amene ankalondola. Amuna anga anatumiza nkhuku kudzera kwa amayi, ndipo patapita masiku bambo anatulukira pamsewu, nakhala pabenchi, natola chitsononkho china.

"Atelala, auzeni apongozi anga kuti nkhuku ndadya, koma sindinamalize kulankhula."

Zaka zinapita. Pakamwa anakhala nthawi osamveka pa wailesi, kenako anabwerera, ndipo tsiku lina tinamva kuti wagonja. Bambo anafika pamsewu atavala jekete la kutchalitchi pakati pa sabata. Anangokhala pabenchi n'kumamwetulira, kudikira. Amuna anga anapirira mpaka masana, kenako anaphulika.

"Atelala, auzeni kuti ameneyo si Pakamwa weniweni. Anakhalitsa osamenya, miyendo yalemera. Ine ndimanena Pakamwa ali pachimake."

"Ehee!" bambo anafuula, chifuwa n'kuwadula pakati. Atapuma anapitiriza. "Atelala, auzeni kuti takulandirani. Tsopano nawonso ali ndi munthu wakale."

Tsiku limenelo ngakhale amuna anga anaseka.

Dzinja lina, mwana wathu wamkulu atayamba kale kuwinga mbalame kudimba, chifuwa cha bambo chinakula. Anasiya kulima, kenako anasiya kupita pamsewu. Amayi, amene pakamwa pawo sipankawaleka bambo, anangokhala duu, ndipo kukhala chete kwawoko ndi kumene kunandiopsa. M'mawa wina tinaona magazi pansalu imene ankatsokomolera, ndipo tinagwirizana zopita nawo kuchipatala ku Malosa. Amalume anali kutali kuntchito, pamudzi panatsala akazi ndi ana. Amuna anga anamanga bulangeti pakaliyala ya njinga, tinawakhazika bambo pamenepo, n'kuyamba kukankha.

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu pali kamtsinje kotsikira m'Domasi. M'chilimwe ngakhale nkhuku imawoloka, koma tsiku limenelo mvula inali itagwa kuphiri. Madzi anali ofiira, ofika m'ntchafu, ndipo mtengo umene tinkawolokerapo unali utapita. Njinga ndikanatha kuisenza ine, koma bambo panalibe njira ina koma kuwabereka.

Awiriwo anaima pagombe aliyense akuyang'ana kwake. Zaka zonsezo anali asanakhudzanepo ngakhale chala. Madzi ankangodutsa, bambo akunjenjemera atagwira chishalo.

"Mukudikira chiyani?" ndinatero. "Ndikaitane atelala adzakuuzeni kuti weramani?"

Amuna anga anagwada, ndipo bambo anakwera kumsana. Ndinawatsatira njinga ili pamutu, ndikuona miyendo ya bambo ikulendewera m'mbali, yoonda ngati ya mwana. Titafika tsidya lina amuna anga anawatsitsa, koma bambo sanathe kuima okha, choncho anawagwira m'khwapa ali maso ndi maso, zifuwa zitatsala pang'ono kugundana. Ine ndinali kukonza bulangeti pakaliyala.

"Mwana wanga," bambo anandiitana, mpweya ukuvuta, "poti atelala kulibe, afunse ndiwe apongozi angawa. Andinyamula. Ndikulemera bwanji?"

Ndinabwereza funsolo ndikuwayang'anitsitsa amuna anga kuti aname.

"Auze bambo kuti mdzukulu wawo wamkulu amalemera kuposa iwo."

Ndinafuna kuwaponyera njinga yomweyo. Koma bambo anangogwedeza mutu.

"Ndiye kuti ndatuluka m'gulu la olemera. Chabwino. Afunsenso kachinthu kamodzi. Wachete ndi Pakamwa, onse ali pachimake, bwalo asankhe okha."

Ili sindinalibwereze. Ndinati, "Bambo a ana, chonde," ndipo misozi inali itayamba kale. Ndinkadziwa, ndipo tonse atatu tinkadziwa, kuti funsoli mwina silidzafunsidwanso.

Amuna anga anadzutsa mutu n'kuyang'ana bambo m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, ndipo sanadzere kwa ine.

"Bambo, sakanamugwira. Ndipo nkhonya ya chitsononkho kulibe."

Bambo anamwetulira. Dzanja sindinalione. Ndinangoona phazi lamanzere likutsetsereka pang'ono m'matope, chiuno chikupotoka, n'kumva kaphokoso ngati papaya lagwa pansi. Amuna anga anayasamula koma mpweya sunalowe. Manja anatayilira, maondo anapinda, anakhala pansi m'matope atagwira nthiti, maso ali tong'o. Munthu amene ankanyamula njinga ndi dzanja limodzi anakhala pamenepo akutsegula ndi kutseka pakamwa ngati chambo chapamtunda.

Bambo anatsala ataima okha, osagwiridwa ndi munthu. Anatambasula dzanja pamwamba pa mpongozi wawo n'kuyamba kuwerenga m'Chilomwe, chinenero cha mayi awo chimene ndinkangochimva akakwiya. Chifuwa chinawadula asanafike patali, ndipo ndinathamanga kukawagwira asanagwe.

"Apongozi," anatero atapuma, nawonso osadzera kwa ine, "imeneyo ndi ya munthu wopepuka. Ya wolemera muiganizire nokha."

Mpweya utabwerera, amuna anga anayamba kuseka, kuseka kowawa atagwira nthiti, misozi ikutsika. Anadzuka matope ali thoo kumbuyo konse, anawanyamula bambo n'kuwakhazika pakaliyala. Njira yonse mpaka ku Malosa awiriwo analankhulana ngati anthu amene angodziwana kumene. Amuna anga ankafunsa kuti phazi limaponda bwanji, chiuno chimayamba kapena phewa, magolovesi ankanunkha bwanji, anthu pamadenga paja ankafuula chiyani. Bambo ankayankha pang'onopang'ono, akupumira, ndipo ndinamva zinthu za ku komponi zimene ndinali ndisanamvepo, chifukwa panalibe amene anawafunsapo mofuna kudziwa. Tikuyandikira chipatala amuna anga anati komabe Pakamwa sakanaima pafupi chonchija, ndipo bambo anati zimenezo tikakambirana pobwerera.

Kuchipatala anawasunga kanthawi n'kutiuza kuti tiwatengere kunyumba. Pamsewu sanafikenso. Anamwalira mpunga ukuyamba kucha. Maliro atatha ndinawafotokozera amayi za kumtsinje zija, ndikuyembekeza kuti adabwa. Anangopitiriza kusankha nyemba.

"Pa lole anagwadi," anatero, "koma mphuno inali yopindika kale."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezo zaka zonsezo. Anati munthu amene uja ukanamuvomereza sakanagwiranso khasu. Atatero anatenga nyemba zawo n'kulowa m'nyumba, ndipo anakhalitsamo.

Pamsewu panazizira. Atelala ankasoka, amuna anga ankamata machubu, wailesi inkalankhula yokha. Chakumapeto kwa chaka chimenecho inalengeza kuti Pakamwa watenganso ufumu wake, ndipo dziko lonse linkakamba zomwezo. Tsiku limenelo panaima anyamata awiri ogulitsa matemba ochokera ku Chilwa, tayala lakumbuyo litaphwa chifukwa cha katundu. Podikira anayamba kumutama Pakamwa, kuti chiyambire sikunakhaleko wina ngati iye, ndipo akale onse akanangokhala chakudya chake.

Atelala anaimitsa makina n'kuyang'ana amuna anga, kuti lero ndiye tsiku lawo. Inenso ndinasiya kuingitsa ntchentche palichero. Amuna anga anapitiriza kupala chubu osadzutsa mutu.

"Kunali munthu," anatero. "Ameneyo nkhonya yake inkayenda ulendo wa chitsononkho basi. Inu simunamuone ali pachimake."

Mnyamata mmodzi anaseka. "Nanga inuyo bambo munamuona?"

"Sindinamuone," amuna anga anayankha. Anaika chubu pansi n'kugwira nthiti zawo. "Ndinamumva."